Njala sidikira mapepala a chuma cha masiye

Maliro ali ndi masiku ake. Tsiku loyamba pakhomo pamadzaza anthu, usiku akwaya n'kuchezera kuimba, kenako adzukulu amagwira ntchito yawo kumanda. Ikatha sabata, a ku Mzuzu akwera minibasi, a ku Lilongwe apita, a ku Joni atsanzika pafoni. Pakhomo pamatsala phulusa la pasiwa, mayi wamasiye ndi ana ake. M'mawa mwake mwana wamng'ono, yemwe sadziwa kuti wilo n'chiyani, amafunsa funso lake la masiku onse: "Amama, lero tidya chiyani?"

Awerengi, sabata ino tikambirane za funso limeneli. Tikamakamba za chuma cha masiye timakonda kuthamangira kumapeto, kuti nyumba atenga ndani, ndalama za kubanki zigawidwa bwanji. Koma pali nyengo ina imene timaiiwala, yoyambira tsiku loika maliro kufika tsiku logawa chuma. Nyengo imeneyi imatha kutenga miyezi, pena zaka. Mabanja ambiri amagwa m'nyengo imeneyi, chuma chili pomwepo.

Palibe walanda, koma ana akugona ndi njala

Tayerekezani banja lina ku Tukombo, m'mbali mwa nyanja kummwera kwa boma la Nkhata Bay. Bambo anakagwirako ntchito ku Joni zaka zingapo, pobwera anagula boti la matabwa, injini ndi chilimira. Anamanga nyumba ya malata, ali ndi kandalama kubanki ndi kena mufoni. Mayi ndiye amayanika usipa pathandala n'kumagulitsa kwa ogula ochokera kumtunda. Ana ndi atatu, wamkulu ali ku sekondale yogonera konko.

Mwezi wa July, mwera uli pakati, bambo uja wamwalira. Akuluakulu akhala pansi ndipo agwirizana mwaulemu ndithu kuti katundu asakhudzidwe kufikira adzakumanenso pomanga chiliza chaka chamawa. Injini yapita kwa akulu ake a malemu "kuti isungike bwino". Boti alikokera pamchenga. Chilimira achipinda n'kuchiika kuchipinda. Foni yatengedwa ndi mlongo wawo chifukwa "mukubwera mauthenga a chipepeso".

Palibe walanda kanthu apa. Palibe wanyamula mipando usiku. Koma taonani zotsatira zake. Anyamata amene ankakoka chilimira sangakhale manja lende, apita kwa eni maboti ena. Mayi alibenso usipa woyanika. Boti likuuma ndi dzuwa, matabwa ayamba kutseguka. Makoswe apeza chilimira. Akubanki atamva za imfa atseka akaunti kudikira mapepala. Chinangwa cha kondowole chilipo kumunda, inde, koma sopo, mchere, mankhwala ndi ndalama ya chigonero cha mwana uja sizimera m'munda. Pofika Khirisimasi mayi wakongola kwa akatapila, ndipo mtsikana wamkulu sanabwerere kusukulu.

Podzafika tsiku logawa, chogawa chidzakhala boti lobooka, ukonde wodyeka ndi ngongole. Eetu, kusunga kwina kumapweteka chimodzimodzi ndi kulanda.

Lamulo likuti chiyani?

Ambiri a ife tikuyendabe ndi lamulo lakale m'mutu. Lamulo la 1967 linkati mwamuna akamwalira osasiya wilo, gawo la chuma chake lipite kwa olowa chuma mwa mwambo, m'madera ena theka, m'madera ena magawo atatu mwa asanu. N'chifukwa chake amalume ndi achimwene ankabwera pamaliro ali ndi mphamvu.

Lamulo limenelo linatha. M'chaka cha 2011 dziko lino linakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, wilo ndi chitetezo cha amasiye. Lamuloli likuti munthu akamwalira wopanda wilo, oyenera kupindula ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, komanso anthu amene ankawasamala, omwe ndi makolo ake ndi ana aang'ono amene ankawalipirira sukulu. Mwambo paokha supatsanso munthu ufulu wolowa chuma cha malemu.

Chachikulu pa nkhani yathu ndi ichi: pa mfundo zonse zogawira, lamuloli linaika patsogolo kuteteza anthu amenewa kuti asavutike. Likutinso wamasiye atsale ndi katundu wa m'nyumba, monga mipando, zofunda, mapoto, mbale ndi makasu. Pogawa zotsala amayang'ana zimene malemu ananena pamaso pa mboni zodalirika, komanso thukuta limene mkazi kapena mwana anaika pa bizinesi. Mayi woyanika usipa uja ndiye kuti ali ndi poimira. Mwana wamng'ono amaganiziridwa kwambiri kuposa wamkulu chifukwa ulendo wake ukadali wautali, ndipo mwana wobadwira kunja kwa banja ndi mwana basi.

Wotenga, kubisa kapena kugulitsa chuma cha masiye popanda chilolezo, lamulo la 2011 linamuikira chilango cha chindapusa ndi kukhala kundende zaka 10. Ngakhale malamulo aakulu a dziko lino a 1994, mu gawo 24, amatchula kulanda amayi katundu, kuphatikizapo wa masiye, ngati mchitidwe woyenera kuthetsedwa.

Tsono ngati cholinga choyamba cha lamulo n'choti amasiye asavutike, sizingakhale zoona kuti azivutika podikira lamulo lomwelo.

Dziwani zimene sizidikira kugawa

Amayi, ndi inu abambo amene mwatsala ndi ana, chinthu choyamba ndi kusiyanitsa chuma cha malemu ndi chuma chanu. Mbuzi zimene munagula ndi ndalama ya ku banki m'khonde ndi zanu. Mpamba wanu wa usipa ndi wanu. Akaunti ya m'dzina lanu ndi yanu, ndipo palibe angakuletseni kuigwiritsa ntchito. Katundu amene munagula limodzi, gawo lanu silisanduka la masiye chifukwa choti mnzanu wamwalira. Chisoni chisakuchititseni kupereka zonse pamphasa ngati kuti munalowa m'banjamo kudzangophika.

Chachiwiri ndi chipepeso. Ndalama imene anthu apereka pamaliro ilembedwe m'kope, zogula zilembedwe, ndipo yotsala iperekedwe kwa wamasiye ndi ana pamaso pa anthu. Si ndalama yobwezera thiransipoti ya aliyense amene anabwera.

Chachitatu ndi za kuntchito. Ngati malemu anali pantchito yolembedwa, kaya ndi mphunzitsi, kaya ankagwira kumalo ogona alendo ku Kande kapena ku Chintheche, kaya kuminda ya mphira ku Vizara, pitani msanga mukafunse zinthu zitatu: malipiro ndi masiku a tchuthi amene anali asanalandire, penshoni, ndi inshuwalansi ya moyo. Kuyambira pa lamulo la penshoni la 2011, lomwe linalowedwa m'malo ndi lina mu 2023, olemba ntchito amayenera kuika antchito awo pa penshoni ndi pa inshuwalansi ya moyo. Ndalama za penshoni zili ndi njira yakeyake, zimatsata fomu imene mwini wake analembapo maina a odzalandira. Fomu ikakhala yolongosoka, zinthu zimayenda msanga kusiyana ndi chuma china chonse.

Chenjezo limodzi. Musathamangire kukatapa ndalama ndi khadi la ATM la malemu, kapena kusamutsa za mufoni mwake usiku wa maliro, ngakhale nambala yachinsinsi mukuidziwa. Lero zioneka ngati nzeru, koma mawa achibale adzaimirira pomwepo n'kumati wayamba kuba ndinu. Pitani ndi mapepala, mutenge poyera.

Boti lisagone pamchenga

Tsopano tibwere pa chuma chimene chimadyetsa banja: boti, chigayo, golosale, njinga yamoto ya kabaza, nyumba ya lendi. Katundu wotere ali ngati ng'ombe ya mkaka. Kudikira kuti mwini wake weniweni adziwike sikuletsa kukama.

Langizo langa ndi lakuti anthu asanabalalike pamaliro, banja likhale pansi pamaso pa anyakwawa ndi mkulu wa mpingo, lichite zinthu zinayi.

Poyamba lembani katundu yense, kuyambira injini ndi nambala yake mpaka nyali za usodzi, ndipo lembaninso ngongole, za malemu kwa anthu ndi za anthu kwa malemu. Pepala limodzi likhale ndi wamasiye, lina ndi akuchimuna, lina kwa amfumu. Jambulaninso pafoni.

Kenako gwirizanani kuti palibe chogulitsidwa, chobwereketsedwa kapena chosamutsidwa pakhomo.

Chachitatu, sankhani woyendetsa bizinesi mongogwirizira. Ngati mayi amaidziwa ntchitoyo, ndi iyeyo. Ngati pakufunika mlamu woti azipita kunyanja ndi anyamata, apite, alandire gawo lake ngati wantchito wina aliyense, koma ndalama zizifikira kwa wamasiye ndipo zizilembedwa tsiku ndi tsiku: mafuta mwakuti, anyamata mwakuti, zotsala mwakuti.

Chomaliza, nenani poyera kuti phindulo ndi la chakudya, sukulu ndi chipatala cha ana, komanso la makolo a malemu ngati ankadya kuchokera m'manja mwake. Pakakhala mitala, nyumba iliyonse idziwe chake kuyambira pachiyambi, ana a uku asaone ana a uko akudya iwo ali ndi njala.

Pepala lotere silikugawa chuma ayi, ndipo sililowa m'malo mwa khoti. Ntchito yake ndi kusunga moto kuti usazime. Tsiku limene woyendetsa chuma wovomerezeka adzafunse kuti ndalama zinkayenda bwanji, kope lija lidzakuyankhirani.

Yambani mapepala misozi isanaume

Pali chizolowezi choti za chuma sitikamba mpaka kumeta kapena kusudzula kutachitika. Mwambo tiulemekeze, koma mapepala sanyoza maliro. Mwezi uliwonse umene mwachedwa kuyamba ndi mwezi wina wa njala umene mwadziwonjezera.

Pepala loyamba ndi chiphaso cha imfa. Ngati munthu wamwalirira kuchipatala, tengani kalata ya kuchipatalako. Ngati wamwalirira pakhomo, yambirani kwa amfumu. Chiphaso chenicheni chimachokera ku nthambi ya kalembera ya NRB kudzera ku ofesi ya bwanamkubwa. Sonkhanitsaninso chitupa cha unzika cha malemu ndi chanu, umboni wa ukwati kaya ndi wa kutchalitchi kaya kalata ya amfumu ndi ankhoswe, ziphaso za kubadwa za ana, mabuku a kubanki ndi malisiti a katundu.

Kwa mabanja a kuno kunyanja, kumene pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana ku Joni, ndiwonjezere ichi. Munthu akamwalirira ku South Africa, mapepala onse obwera ndi thupi, makamaka chiphaso cha imfa cha kumeneko, asathere m'thumba la amene anaperekeza maliro. Wamasiye akhale nawo. Funsaninso anzake amene ankakhala naye za malipiro otsala, katundu wa m'nyumba imene ankachita lendi, ndi gulu la maliro limene ankasonkhako.

Mukatero pitani ku ofesi ya bwanamkubwa ku Nkhata Bay, akakuuzeni khomo loyenera chuma chanu. Lamulo la 2011 linati chuma chosaposa K1 miliyoni ndi chaching'ono ndipo nkhani yake ikhoza kuthera kwa majisitireti. Koma masiku ano injini imodzi ya boti ikuposa pamenepo, choncho musadabwe akakutumizani ku khoti lalikulu ku Mzuzu kapena ku ofesi ya Administrator General. Chimene mukufuna ndi kalata ya khoti yopatsa munthu mphamvu zoyendetsa chumacho. Popanda kalata imeneyi akubanki satsegula chitseko, ngakhale mutalira chotani.

Wamasiye mwini wake akhoza kupempha kuti akhale woyendetsa chuma, payekha kapena pamodzi ndi wachibale wokhulupirika. Musangosayina pepala lopereka mphamvuzo kwa wina chifukwa choti iye amadziwa Chingerezi. Pemphani akuwerengereni m'chilankhulo chanu. Paja safunsa anadya phula.

Dziwaninso kuti woyendetsa chuma si mwini chuma. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa, kulipira zamaliro ndi ngongole zenizeni za malemu, n'kugawa zotsala kwa eni ake. Pamene izi zikuchitika, musachite manyazi kulemba kalata yopempha kuti mupatsidweko ndalama yothandizira ana. Lembani maina ndi zaka za ana, makalasi awo, zofunika kusukulu ndi kuchipatala, muphatikize makalata a kusukulu. Pempho lolembedwa limayankhidwa, pomwe dandaulo la pakamwa limathera pakhonde. Kalata iliyonse muzisunga inzake, ndipo ofesi iliyonse imene mwapita muzilemba tsiku ndi zimene mwauzidwa.

Ulendo wochoka ku Tukombo kudutsa Kande ndi Chintheche kukafika kuboma, kenaka kukwera mtunda wa Mpamba mpaka ku Mzuzu, umadya ndalama. Musapite ndi pepala limodzilimodzi. Funsani mndandanda wonse wa zofunika paulendo woyamba.

Zikavuta, kuli kothawira

Mukaona kuti injini ija yayamba kugwira ntchito pa boti la wina, kapena anthu akubwera kudzayeza puloti, musadikire chiliza. Pitani kupolisi, ku nthambi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit. Khoti likhoza kupereka chiletso kuti katundu asagulitsidwe nkhani isanathe. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, yomwe ili ndi ofesi ku Mzuzu. Ofesi ya zachisamaliro cha anthu kuboma imayang'ana za ana, ndipo ndi komwe mungafunse za thandizo la sukulu ndi za Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayambira ku Mchinji mu 2006, ngakhale si banja lililonse limene limalowamo.

Ena amaopa kuti akapita kuboma ndiye kuti adana ndi akuchimuna, nanga ana adzapita kuti? Nkhawa imeneyi ndi yomveka, makamaka kwa mayi amene anakwatiwa kuchokera kutali ndipo nyumba ili pamalo a makolo a mwamuna. N'chifukwa chake ndikuti yambani ndi kukambirana. Koma chibale chimene chimafuna kuti ana asiye sukulu kuti chikhalepo, chimenecho chafa kale.

Enanso amaopsezedwa kuti ukadzakwatiwanso tidzatenga zonse. Lamulo likuti kukwatiwanso sikulanditsa wamasiye chuma chimene analandira, kupatula cha pamalo a mwambo, ndipo chimenecho chimapita kwa ana, osati kwa alamu.

Mawu kwa alamu, apongozi ndi amalume

Inunso mwaferedwa, ndipo mwina munathandizadi. Mwina ndinu munalipira thiransipoti yoyamba ya ku Joni, mwina munabwereketsa ndalama yogulira ukonde. Ngati ndi ngongole, inenedwe poyera, ilembedwe, idzabwezedwa m'njira yake. Musadzilipire nokha ponyamula injini.

Mayi wokalamba amene ankadalira mwana wakeyo lamulo silinamuiwale, ndipo mpongozi wanzeru sadikira khoti kuti atumize ndiwo kwa apongozi ake. Koma inu amene muli ndi manja ndi mphamvu, funso lanu pamaliro lisakhale lakuti wasiya chiyani. Likhale lakuti wasiya ndani. Ana mukuwaona akusewera pamchengawo ndi magazi anu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mmene mukuchitira ndi ana a m'bale wanu lero, ana anu akuona, alamu a akazi anu akuonanso.

Inu amene mukadali awiri

Achinyamata amene mwangolowa m'banja, ndikudziwa kuti nkhani ya imfa simuifuna. Ena amati kulemba wilo n'kudziitanira tsoka. Koma msodzi akamakonza boti lake mwera usanayambe sindiye kuti akuitana mwera.

Lembani wilo. Aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo, wamutu wabwino, akhoza kulemba, ngakhale m'Chitonga kapena m'Chichewa. Musayine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisayine, ndipo ndi bwino kusankha mboni zimene sizilandira kanthu mu wiloyo. Tchulani amene adzayendetse chuma ndi amene adzalere ana. Lembanimo ndithu kuti boti kapena chigayo chipitirize kugwira ntchito ndipo phindu lizidyetsa banja podikira kugawa. Muisunge pamalo odalirika, monga kukhoti, kwa bwanamkubwa kapena kubanki, mnzanu adziwe komwe ili. Ndipo musayese kumana mkazi kapena mwana mu wilo chifukwa cha mkwiyo, popeza khoti lili ndi mphamvu yowapatsa gawo.

Abambo apantchito, fomu ya penshoni ija munalemba muli mbeta, pali dzina la ndani? Ambiri pakadali dzina la mlongo kapena la malemu amayi awo, pamene pakhomo pali ana atatu. Kaikonzeni mawa.

Mayi akhale ndi akaunti yake ndi nambala ya foni yolembetsedwa m'dzina lake, muziikamo kangachepe mwezi ndi mwezi. Cholinga chikhale choti mukhale ndalama yodyetsa banja miyezi ingapo popanda kugogoda pa ofesi iliyonse. Imeneyi ndiyo ndalama imene sidikira chidindo.

Longosolani ukwati wanu kuti ukhale ndi umboni, ana akhale ndi ziphaso, malisiti a katundu wamkulu alembedwe maina a nonse awiri ngati munagula limodzi. Uzanani za ngongole. Ndipo abambo, ngati kuli mwana kwina, kaya ku Dwangwa kaya ku Joni, nenani muli moyo. N'zowawa, koma sizingapose kuwawa kwa mkazi amene akumva koyamba mwana atafika pasiwa ndi chikwama.

Koposa zonse, phunzitsanani ntchito. Mkazi adziwe mtengo wa mafuta, kagawidwe ka ndalama ndi anyamata a m'boti, amene amakonza injini ndi amene ali ndi ngongole ya nsomba. Mwamuna adziwe za ku banki m'khonde, kalasi ya mwana aliyense ndi komwe kumakhala mabuku a kusikelo. Banja limene zonse zili m'mutu wa munthu mmodzi limaikidwa m'manda limodzi ndi munthuyo.

Madzulo ano ana akagona, tengani kope ndi cholembera, mukhale pansi awiriwiri. Funsanani funso limodzi lokha: mmodzi wa ife atachoka lero, miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ana adya chiyani? Ngati yankho palibe, musagone musanalembe poyambira.